Si penti ayi, ndi utomoni

Achimwene mwafunsa ngati mbale zonyezimira za ku Japan zija amazipaka penti kapena vanishi, ayi ndithu, ndi utomoni wa mtengo, a ku Japan amati urushi. Wauwisi ukakukhudza umayabwa ngati chitedze, komanso chodabwitsa sumauma ndi dzuwa, umafuna chinyezi kuti ulimbe. Za zokongoletsazo njira zilipo zingapo koma ine yomwe imandisangalatsa ndi choshitsu ya ku Kagawa, dera lina la ku Japan komweko, amapaka utomoni wamitundumitundu pamwamba pa unzake mwina mpaka ka 100, kenako nkumagoba ndi kampeni kuti mitundu yapansi ija ionekere, miyezi imatha asanayambe nkomwe kugobako nde musadabwe kudula kwake. Ku Wajima, mzinda wina wa ku Japan, amangocheka timizere nkuthiramo golide, imeneyo ndi chinkin.