Funsani za Kompyuta: Sofa wanga wa 3D akuyandama pa chithunzi

FUNSO: Moni akulu. Ine ndimakhala ku Chirimba, ndimapangira anthu maposita ndi timaadiveti ta pa Facebook ndi WhatsApp. Amalume anga ndi kalipentala, amakhoma masofa ndi matebulo, ndiye tinagwirizana kuti ndiziwapangira zithunzi za mipando yomwe sanayambe kukhoma n'komwe kuti makasitomala azisankha asanapereke dipoziti. Sofayo ndamupanga bwinobwino mu Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D, koma ndikamuyika pa chithunzi cha khonde lenileni akuoneka womata, mwinanso ngati akuyandama m'malere. Amalume atangoona anaseka amvekere "izitu ndi zidole izi". Kodi vuto ndi laputopu yanga? Ndi yakale ndithu.
Mphwanu, Chirimba

YANKHO: Mphwanga, laputopuyo isiyeni, ilibe mlandu. Makina akale amangochedwa basi, sayandamitsa sofa. Chimene amalume aona, ngakhale sangachitchule dzina, n'choti khonde linajambulidwa ndi kamera ina pa dzuwa lina, sofa naye ali ndi kamera yake ndi dzuwa lake. Ntchito yonse ndi kugwirizanitsa ziwirizi, ndipo theka la ntchitoyo imachitikira pakhonde pomwepo musanatsegule n'komwe kompyuta.

Tiyambe ndi kamera poti ndi yosavuta. Mukatsegula Blender kamera yake imakhala pa 50mm, pomwe kamera yaikulu ya mafoni ambiri imaona motambalala, cha m'ma 24mm mpaka 28mm. Ndiye mizere ya sofa ikulowera kwina, ya khonde kwina. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa fSpy, mumaikamo chithunzi chanu n'kukoka mizere motsatira zinthu zowongoka, m'mphepete mwa khonde, felemu ya chitseko, mzere wa njerwa, iko kamawerengera komwe kamera inaima n'kukupatsani fayilo yolowetsa mu Blender. Popita kukajambula tengani tepi ya amalume muyeze chitseko kapena m'lifupi mwa khonde kuti sofa asatuluke wamkulu kuposa nyumba.

Tsopano kuwala, apa ndiye pali nkhani. Funso langa kwa inu: chithunzicho munajambula nthawi yanji, mwezi uti? Anthu ambiri sakumbuka. Blantyre ili pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa equator, ndiye mu June ndi July dzuwa la masana limadutsa chakumpoto, lokwera madigiri ngati 51 okha, zithunzithunzi zimagwera kummwera ndipo zimatalikirapo. Koma kumayambiriro kwa November ndi February masana dzuwa limafika paliwombo penipeni, chithunzithunzi chimabisala pansi pa chinthu. Simukuyenera kuloweza zimenezi ayi, ingoyang'anani pa chithunzi chanu chomwe. Mzati wa khonde chithunzithunzi chake chagwera kuti, n'chachitali bwanji, m'mphepete mwake mwathwa kapena mwafafanizika? Ngati palibe choponya mthunzi, ikanipo ndowa kapena mpando wa pulasitiki pamalo pomwe sofa adzakhale, jambulani, chotsani, jambulaninso osasuntha foni. Chithunzi cha ndowacho ndiye mphunzitsi wanu, muzitembenuza Sun, nyali ya dzuwa ya mu Blender, mpaka mthunzi wa sofa ufanane ndi wa ndowa.

Kuthwa kwa mthunzi kumasinthidwa pa Angle ya Sun. Imabwera ili pa theka la digiri, komwe ndi kukula kwa dzuwa lenileni kumwamba kukayera. Tsiku la chiperoni, Ndirande ndi Soche zitabisala mu nkhungu, dzuwa lotero kulibe, thambo lonse ndiye nyali, mthunzi umangokhala kakuda kofewa pansi pa chinthu. Anthu amajambula tsiku lotero kenako n'kuyatsira sofa dzuwa la October, zingagwirizane bwanji? October wakenso ali ndi zake, utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimapangitsa kuwala kwa madzulo kufiirira.

Ndiye pali kuwala kobwerera, kumene ongoyamba kumene saganizirako. Makonde athu ambiri ndi a simenti yofiira yopakidwa polishi. Dzuwa likamenya pamenepo limanjanja n'kupaka kufiira kunsi kwa chilichonse, ikani dzanja lanu pafupi ndi pansi muone. Sofa wotuwa woyikidwa pamenepo kunsi kwake kuyenera kufiirirako, ndipo miyendo yake iyenera kuonekera pang'ono mu polishimo. Ndiye pansi pa mu Blender musapasiye poyera, papatseni mtundu wa khondelo ndi kunyezimira kwake, roughness (kukhakhala kwake) itsike koma osafika pa galasi.

Za HDRI mwina munamvapo, chithunzi chozungulira mbali zonse chomwe chimasunga mphamvu ya kuwala, chimawalitsa chinthu komanso ndi chomwe chimaonekera mu zonyezimira. Pa Poly Haven zilipo zambiri zaulere, koma zinajambulidwa kwina, ndiye tebulo lanu lagalasi lizionetsa nyumba za eni ake pomwe kutsogolo kwa khonde kuli mpanda wa njerwa ndi mtengo wa mango. Kwa sofa wansalu zilibe kanthu kwenikweni, sankhani ya thambo lofanana ndi lanu n'kuizunguza mpaka dzuwa likhale mbali yoyenera. Kwa galasi, vanishi wonyezimira kapena miyendo yachitsulo pangani yanu. Njira yomwe katswiri wa zithunzi za pa kompyuta Paul Debevec anaonetsa mu 1998, imene a mafilimu akugwiritsabe ntchito, ndi kujambula mpira wonyezimira ngati kalilole utaikidwa pamalopo, kangapo, kuyambira chithunzi chakuda kwambiri mpaka chowala kwambiri. Timipira tokongoletsera mtengo wa Khirisimasi timagwira ntchito poyeserera. Panorama ya pa foni nayo imathandiza pa zoonekera mu galasi, kungoti foni singasunge mphamvu yonse ya dzuwa, muwonjezerebe Sun yanu.

Kuyandama kwenikweniko mankhwala ake ndi shadow catcher. Mu Cycles, imodzi mwa njira zotulutsira chithunzi mu Blender, osati kungodula sofa n'kukajambula mthunzi ndi bulashi ku Photoshop, ikani plane (chinthu chafulati ngati pepala) pansi pa sofa, pitani ku Object Properties, pa Visibility chongani Shadow Catcher, kenako ku Render Properties, pa Film chongani Transparent. Pansipo sipaoneka koma mthunzi utsala. Ngati sofa wayandikira khoma, khomanso likhale ndi plane yake. Ndipo zoomani pa miyendo muone ngati yagundadi pansi, kampata ka sentimita imodzi kokha n'kokwanira kuchotsa kamzere kakuda kamene kamakhala pomwe mwendo wakhudza simenti, ndipo diso la munthu limafuna kamzere kameneko kuposa china chilichonse.

Chomaliza, render, chithunzi chomwe Blender imatulutsa, imatuluka yoyera mopitirira. Chithunzi cha foni chili ndi timadontho, pena chafafanizika pang'ono, pakuda pake si pakuda bii. Yerekezani malo akuda kwambiri a sofa ndi malo akuda kwambiri a chithunzi, afanane, muwonjezere timadontho pang'ono. Chenjeraninso ndi View Transform, yomwe imasankha maonekedwe a mitundu, kuyambira Blender 4.0 imabwera pa AgX ndipo imasintha mitundu ya chithunzi chanu mukachilowetsa mu Compositor mophatikizira zithunzimo, yesani Standard muone kusiyana. Zikatheka amalume aziwauza makasitomala kuti ndi chithunzi cha pa kompyuta, nsalu ya ku Limbe ikasiyana mtundu pasadzavute.

FUNSO: Render yanga imatenga nthawi yaitali, magetsi akathima batire limatha isanamalize. Nditani?
Mlongo wanu, Bangwe

YANKHO: Chemwali, musamarende chithunzi chonse poyeserera. Mukakhala mu kamera dinani Ctrl+B n'kukoka kabokosi pa malo amene mukufuna kuona okha, monga miyendo ndi mthunzi. Samples za Cycles, nambala ya maulendo omwe imawerengera kuwala pa kadontho kalikonse, zimabwera zili pa 4096, kwa chithunzi chopita pa WhatsApp n'zochuluka zedi, tsitsani zifike cha m'ma 128 kapena 256 n'kuchonga Denoise. Resolution ikhale pa 50% mpaka mutakhutira, ndipo laputopu ichotseni pa bedi muiike pa tebulo, ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha.