Munda sukula, achimwene

Achimwene, mwafunsa za kutha msanga kwa chimanga, mwatchulanso za kulera. Kuchulukana kwa anthu n'chifukwa chenicheni chimene chimanga chikuthera msanga m'nkhokwe zakwanuko, ngakhale kutopa kwa nthaka nakonso kulipo. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi muno; wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Koma dziko ndi lomwe lija.

Ndaziona kwathu ku Chiradzulu. Munda wa agogo unkayambira kumsewu mpaka kudambo, mbali ina ankaisiya tsala kuti ipume. Anaugawira ana awo aakazi anayi, iwonso agawira awo. Lero gawo la mchemwali wanga mukhoza kuponya mwala n'kudutsa, ndipo amalimapo chimanga chaka ndi chaka osapumitsa. Pofika Disembala amakhala akugula ufa wa pawokumani. Osowa malo anakwera m'phiri, mitengo n'kuthera makala. Mvula ikagwa madzi amatsika ali psuu, kukokolola nthaka pamodzi ndi feteleza wogula modula uja. Zimandiwawa kwambiri.

Chimene chatithandizako ife ndi kusakaniza chimanga ndi nandolo, kuthira manyowa ndi kubzala udzu wa vetiva m'migula. Koma musanagule mbewu kapena feteleza, itanani mlangizi wa zaulimi aone munda wanuwo, poti nthaka zimasiyana.

Za kulera zija mwatchulazi, musamvere zokamba za pabawo. Pitani kuchipatala limodzi ndi alamu, anamwino akufotokozereni njira zonse musankhe nokha.