Achimwene, zoti nyimbo sagula koma filimu amalipira ndinaziona ndi maso anga

Achimwene, mwanditokosa pabala. Zoti anthu akukana kugula nyimbo zanu koma pa vidiyo akulipira usiku uliwonse, ine ndinadutsamo, ndipo mtima ukadawawabe.

Kwaya yathu ya ku Dómuè, kuno ku Mozambique, tinasonkha movutika. Ena anagulitsa matumba a kachewere, ena nkhuku, mayi wina wamasiye anagulitsa mbuzi yake imodzi yokhayo. Tinadutsa pa malire a Calómuè kukajambula ku Lilongwe, poti kwa ife n'kufupi kusiyana ndi ku Tete. Tinabwerako ndi ma CD 300, tikuti imodzi 100 metikali.

Sipanathe milungu iwiri. Loweruka ndili pamsika wa Ulongué, katoni ili m'manja, ndangogulitsa zinayi zokha chiyambire m'mawa, ndinangomva mawu a amayi athu a sopulano akutuluka pa sipika. Miyendo inazizira. Ndikulondola phokosolo, ndinapeza kabenchi, kompyuta yakale yofunditsidwa chitenje chifukwa cha fumbi, anthu ali pamzere ndi mamemori m'manja. Kudzaza memori yonse 20 metikali, nyimbo zathu zonse khumi zili momwemo, ndipo anazilemba dzina la kwaya ina ya ku Malawi! Nditamufunsa mnyamatayo, sanatsitse n'komwe sipika. Akuti, "Madala, ndikukutchukitsanitu, mukanandithokoza." Anthu pamzere paja anaseka. Ine ndinangoima, katoni ikundilemera, misozi ili m'maso pamaso pa ana. Pambuyo pake ndinamva kuti amene anamupatsa CD ndi mnzathu wa m'kwaya momwemo, anasinthanitsa ndi mayunitsi a foni. Munthu amene tinagona naye pamphasa imodzi ku Lilongwe! Mpaka lero moni wake sindiyankha bwino, Mulungu andikhululukire.

Msuweni wanga weniweni anandiuza kuti 100 yachuluka, koma GOtv salumphitsa mwezi, ndipo ana ake madzulo aliwonse ali kukanyumba ka vidiyo kuonera mafilimu a karate omasuliridwa m'Chichewa. Ndinalingalira kwa nthawi yaitali. Filimu ili ndi chitseko, pakhomo pali munthu wolandira ndalama. Dikoda ukapanda kulipira imatseka ngati magetsi olipiriratu a Credelec akatha. Nyimbo ilibe chitseko. Munthu amaimva m'chapa (minibasi), pa wailesi, paukwati, pamaliro, mnzake amutumizira pa Bluetooth kapena WhatsApp, ndiye ukamuuza kuti agule amaona ngati ukumugulitsa mphepo. Komanso musaganize kuti opanga mafilimu akudyerera, ndalama ya pakhomo ija imathera kwa mwini jenereta.

Lamulo lilipo, latsopano loteteza eni ntchito zaluso linatuluka mu 2022, SOMAS, bungwe loteteza eni ntchito zaluso kuno ku Mozambique, nayonso ilipo. Koma Maputo ndi kutali, pamsika pathu sindinaonepo munthu akufunsa obena nyimbo (anyamata odzaza nyimbo m'mamemori aja) chikalata. Kutsidyaku ku Malawi, COSOMA, bungwe lawo la ntchito yomweyi, imayesako kuwalipiritsa.

Ndiye mverani. Nyimbo zanu musapatse munthu aliyense zisanatuluke, ngakhale m'bale wa bere limodzi. Koma tsiku lotulutsa likafika, pitani nazo nokha kwa anyamata obenawo, muwapatse ulere, dzina lanu ndi nambala yanu zitchulidwe ndi pakamwa koyambirira kwa nyimbo kuti asathe kufufuta. Amandinyansa, koma ndi amene amafikitsa nyimbo ku Tsangano ndi ku Furancungo komwe inu simungafike. Ndalama muzikaipeza poyimba: bwerekani holo, ikani munthu wokhulupirika pakhomo, ndipo oitana kuukwati azitumiza theka pa M-Pesa kapena e-Mola musananyamuke. Ma CD musapange ambiri, anga oposa 200 akadali m'katoni kuchipinda.

Mayi wa mbuzi uja ankandifunsa Lamulungu lililonse kuti malonda akuyenda bwanji. Ndinakamugulira ina chaka chotsatira ndi ndalama ya fodya wanga.