Kwa mnyamata wofuna PhD ya zinenero za kompyuta

Mnyamata wina amene akumaliza digiri ya kompyuta wandilembera imelo. Akufuna kukachita PhD pa zinenero zolembera mapulogalamu ndi kuteteza chinsinsi cha deta ya anthu, koma anzake akumuseka kuti ndalama zili ku AI. Ndiye akufunsa choti achite.

Achimwene, funso lanu landifika pamtima. Mphunzitsi wanga wina anandiuzapo pamaso pa kalasi yonse kuti type system (malamulo a chinenero ogwira zolakwika pulogalamu isanayambe kugwira ntchito) ndi masamu a anthu osowa chochita. Anzanga anaseka, ine ndinangoti duu. Mpaka lero mawu aja amandiwawabe, chifukwa anali abodza.

Taonani. Mu 1997 Latanya Sweeney anapeza mbiri ya matenda ya William Weld, bwanamkubwa wa Massachusetts ku America, m'deta yomwe mayina anali atafufutidwa kale. Anangoyerekeza tsiku lobadwa, dera ndi chakuti ndi mwamuna kapena mkazi ndi kaundula wa ovota. Kufufuta dzina sikubisa munthu, ndipo aliyense wonena kuti kumabisa sindimumveranso. Mu 2006 Cynthia Dwork, Frank McSherry, Kobbi Nissim ndi Adam Smith anabwera ndi differential privacy: kusokoneza dala manambala pang'ono kuti zotsatira zisaulule munthu mmodzi. America inagwiritsa ntchito njirayi pa kalembera wa 2020. Koma ukalakwitsa mzere umodzi wa pulogalamu, chinsinsi chimatuluka iwe osadziwa. N'chifukwa chake mu 2010 Jason Reed ndi Benjamin Pierce a ku University of Pennsylvania anapanga chinenero cha Fuzz, chomwe type system yake imakana pulogalamu isanayambe n'komwe kugwira ntchito ngati singatsimikizire chinsinsicho. Ndiye masamu a osowa chochita ndi amenewo?

Komanso kwathu kuno lamulo la Data Protection Act linabwera mu 2024. Chabwino. Nanga deta ya zipatala ndi ya ndalama za pafoni, ndani adzaone ngati mapulogalamu akuisungadi bwino? Maloya okha sangathe.

Nanga muchite chiyani?

Phunzirani chinenero cha OCaml kapena Haskell, kenako Rocq (yomwe kale inkatchedwa Coq), chida chotsimikizira mwa masamu kuti pulogalamu ili yolondola. Werengani mapepala a POPL ndi PLDI, misonkhano ya akatswiri a zinenerozi, ngakhale poyamba muzingomvako pang'ono. Sankhani woyang'anira kafukufuku wanu, osati dzina la yunivesite, ndipo funsani ophunzira ake mmene amakhalira nawo. Mapepala anu adzakanidwa kangapo, ndipo malipiro adzachepa poyerekeza ndi a anzanu a AI aja.