Anandibwezera mu mpingo, koma ndikadali panja

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25. Dzina ndisunga. Akuti anatenga pakati asanakwatiwe, akulu ampingo anawadula, anakhala pa kalasi mpaka kubwezeredwa, ndipo pano mgonero akudya. Koma amayi anzawo akamagawana ntchito, kaya yophika pamaliro kaya yokazonda odwala ku Bwaila, dzina lawo silituluka. Akafika pagulu, nkhani imaduka. Funso lawo: "Kodi ndingosamukira mpingo wina?"

Achemwali, za kudulidwazo sindilimbana nazo. Mpingo wosadzudzula ndi kalabu chabe. Chondiwawa n'chakuti bambo wa mwanayo simunamutchule, ndipo tonse tikudziwa mmene zimathera: mimba imaonekera pa mkazi, mwamuna amangosintha tayi n'kukakhala benchi lakutsogolo kwina.

Tsegulani 2 Akorinto 2, ndime 6 mpaka 8. Ku Korinto kunali munthu amene mpingo unamulanga. Paulo sakunena kuti analakwitsa kumulanga. Akuti chilangocho chakwana, tsopano mumukhululukire ndi kumutonthoza, angamizidwe ndi chisoni chochuluka. Akuwonjezanso kuti amutsimikizire chikondi chawo. Kutsimikiza si kuwerenga dzina pa zolengeza Lamulungu limodzi basi. Ndi kumuitana pamene pali nkhuni zoti zisenzedwe. Apa ndiye timalephera ambirife. Kalasi imatha m'buku la mlembi, koma m'mitima mwathu munthu timamusiya momwemo zaka khumi. Ndiye inu choonadi munauzidwa, munachilandira. Amene sanauzidwe choonadi ndi amayi anzanuwo, ndipo mwina sakudziwa n'komwe kuti akukulangani kachiwiri.

Kusamuka si tchimo. Mu Lilongwe muno mipingo ndi yosayamba. Lamulungu ngakhale makalasi a pulayimale ku Kawale kapena ku Mtandire amasanduka matchalitchi. Mukhoza kukalowa pamene palibe okudziwani, n'kumaimba momasuka. Zimakoma miyezi itatu yoyamba. Koma kusadziwika si chisomo ayi. Chisomo ndi pamene munthu akudziwa zonse n'kukusendererani pabenchi. Yohane 1:14 akuti Yesu anali wodzala ndi chisomo ndi choonadi, ndipo mayi uja wogwidwa akuchita chigololo wa pa Yohane 8 anamva zonse ziwiri pakamwa pamodzi: sindikutsutsa, usakachimwenso.

Ine mpingo ndimauyesa ndi maliro. Zitakugwerani lero, ndani angabwere ndi ufa, kuchezera akuimba usiku wonse, n'kuperekeza mpaka ku manda a ku Area 18 kapena kumudzi ku Dedza? Mukaganiza bwino, mwina mupeza kuti mwa omwe akukuzizirani aja muli awiri atatu amene sangakusiyeni. Yambirani pamenepo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musakayankhule pagulu, anthu akachita manyazi amaumitsa mitima. Sankhani mayi mmodzi wachikulire amene anzake amamumvera, mukamupeze kunyumba kwake pakati pa sabata. Musapite ndi mlandu. Mungoti, "Amayi, ndinabwezeredwa, koma ndikuona ngati ndikadali panja. Ndithandizeni, ndilowere pati?" Ndipo mapemphero a m'makomo, ena amati mlaga ena mphakati, musamajombe. Pamkeka wa anthu khumi n'povuta kuti wina azikuyang'anani kumbali sabata ndi sabata.

Dzipatseni miyezi ingapo. Zikakanika, pitani kwa abusa mukapemphe kalata yosamukira, mutulukire pakhomo osati pawindo. Kumene mukafikeko nkhani yanu mukaifotokoze nokha kwa abusa, chifukwa tauni ino ndi yaing'ono, minibasi imodzi ya ku 25 ikwanira kuifikitsa inu musanafike.

Mundilemberenso, ndimve zimene mayi wachikulireyo akayankhe.