Mukhoza Kuphunzira Nawo Torah Muli pa Ulendo

Achimwene, mukhoza kulowa nawo maphunziro a mlungu ndi mlungu a Torah (mabuku asanu a Mose) ku sunagoge ngakhale ndinu mlendo wodutsa, koma lemberani kaye ofesi ya sunagogeyo masiku angapo musanafike. Ku Cape Town, alonda a pachipata anayamba aona pasipoti yanga ndi dzina langa pa mndandanda asananditsegulire, chifukwa masunagoge amasamala kwambiri za chitetezo.

Chinandithandiza kwambiri n'chakuti Torah inagawidwa m'zigawo 54, ndipo masunagoge ambiri amawerenga chigawo chimodzimodzi, parasha, mlungu umenewo. Ndinachiwerengeratu m'ndege, choncho pokambirana sindinasochere. Phunziro likakhala pa Shabbat, Sabata la Ayuda, siyani foni ndi cholembera, ndipo muvale kachipewa ka kippah.

Ngati simuli Myuda, kapena mukukayika za mwambo wawo, funsani rabi wa pamalopo.