Ndimawabisira malipiro anga, kodi ndine woipa?

Azakhali,

Ndakhala pabanja zaka 9 ndipo tili ndi ana atatu. Chaka chatha anandikweza pantchito koma bambo a kunyumba sindinawauze. Ndalama yowonjezerayo ndimasunga padera n'kumalipirira ana fizi, chifukwa iwo ndalama ikangowafika m'manja imathera ku mowa. Akandifunsa ndimati malipiro sanasinthe. Ana akuphunzira bwino, koma mtima ukundigunda tsiku lililonse. Kodi ndine munthu woipa?

Mayi wothedwa nzeru

Mwana wanga,

Funso lanuli anakanganirana anthu ozama m'maganizo inu ndi ine tisanabadwe. Immanuel Kant wa ku Germany analemba mu 1797 kuti kunama n'koipa ngakhale chigawenga chitakufunsani kumene mnzanu wabisala kuti chikamuphe. Kwa iye kuipa kuli m'chochitacho, zotsatira zake zikhale zokoma kapena zowawa. John Stuart Mill wa ku England, m'zaka za m'ma 1800, ankayeza chochita poona chimwemwe kapena masautso amene chabweretsa kwa onse okhudzidwa. Iyeyo akanayamba wawerenga ana anu atatuwo ali m'kalasi.

Ine a Kant ndimawaona kuti anaumitsa zinthu mopyola muyeso (sanakwatirepo, mwina n'chifukwa chake). Komabe musathamangire kwa Mill. M'kalata yanu muli zinthu ziwiri zomwe mwazimanga mtolo umodzi: kuteteza ndalama ya ana, ndi kunama. Choyambacho palibe chokuimbirani mlandu. Mwagwirira ntchito ndalamayo, ndipo ikupita koyenera.

Chomwe chikukusowetsani mtendere ndi chachiwiricho. Aristotle wa ku Greece wakale ankati khalidwe limamera pa zomwe munthu amachita mobwerezabwereza. Bodza lanuli ndi la mwezi ndi mwezi, limafuna linzake loliphimba, ndipo mowa wa amuna anu silinaukhudze n'komwe. Tsiku lomwe adzaone pepala la malipiro, nkhani ya mowa idzaiwalika, wozengedwa adzakhala inu.

Sankhani tsiku lomwe sanamwe, ana kulibe. Auzeni kuti: "Malipiro anakwera, ndalama yowonjezerayo ndi ya fizi, ndipo ndizilipira ndekha kusukulu." Simukupempha chilolezo, mukuwadziwitsa. Akwiya, inde, asiyeni akwiye.

Koma ngati anakukwezeranipo dzanja, kapena mukuopa kuti angatero, musaulule kaye. Ndilembereninso, tiyambe takambirana za chitetezo chanu ndi cha anawo.

Azakhali